Pansi pa Mgolo

Kuno ku El Alto dzuwa silichokera kutali.
Limadzuka nafe, limapuma nafe mpweya wochepa womwewu,
mamita zikwi zinayi pamwamba pa nyanja imene sindinaionepo.
Pakati pa ilo ndi ife
pali thambo lopyapyala ngati khungu la anyezi.

Bambo anga, a Teodosio Yapuchura,
anayala matailosi pabwalo pathu
chaka chimene mano anga akutsogolo anaguluka.
Anali otsika mtengo, utoto wake wapamwamba pokha,
koma buluu wake anali waukali,
woti anthu otsika minibasi ankasuzumira pachipata.
M'mipata anathiramo simenti yakuda bii
n'kuisalaza ndi chala, chogwada,
mzere ndi mzere, mpaka chalacho chinasupuka.
Anati: awa adzakuona ukukwatiwa.

Anandionadi.
Koma dzuwa linali litayamba kale kudya.
Silitafuna. Limangonyambita,
lero pang'ono, mawa pang'ono,
ngati mwana wakuba shuga woopa kuti thumba lingaonekere.
Usiku chisanu chimalowa m'ming'alu,
m'mawa ilo limabwera kudzamaliza ntchito.
Inayamba kugonja ndi simenti ya m'mipata ija:
kuda kunasanduka phulusa,
phulusa n'kuyamba kunyenyeka pansi pa tsache.
Amayi ankakwecha Loweruka lililonse,
burashi, sopo, madzi otentha, kuyesa ndi litsiro.
Anamwalira akuyesabe ndi litsiro.

Sindingaloze tsiku limene buluu anachoka.
Sanatsanzike.
Ndinangoona chithunzi chakale cha ubatizo wa mlongo wanga Fidencio,
n'kufunsa: uku kunali kwa yani?

Maso a bambo nawonso achita ng'ala.
Adokotala akuti ndi dzuwa lomweli,
zaka makumi anayi pamadenga ndi pamakhonde a eni, opanda magalasi.
Tsopano amakhala pampando pafupi ndi khomo,
chipewa chili ndi! mpaka m'makutu,
nkhope ataloza kumene kuli phiri la Illimani,
limene akuti amalimva kuzizira kwake.
Amandifunsa: Primitiva, buluu wanga akadalipo?
Ine ndimayankha za mtengo wa gasi.

Lachiwiri mgolo wamadzi unabooka.
Tinaukankha, ine ndi mnyamata wa a Benigna,
tonse wefuwefu,
ndipo pansi pake,
pakati pa ndere ndi chisoti cha botolo chadzimbiri,
panali buluu.
Wozungulira, wonyowa, wathunthu,
mizere yake yakuda bii ngati yathiridwa dzulo.
Mnyamata anati: mwataya penti.
Ine ndinakhala pansi, mwendo uku mwendo uku.

Ndinawatenga bambo padzanja, ndinawagwaditsa.
Chala chija chinapeza mzere chokha,
chinautsata mpaka pamene mthunzi wa mgolo unkalekezera,
n'kuima pomwe simenti imayamba kufumbutuka.
Anati: apa nditi bwanji? Ndinasakaniza madzi ambiri?
Ndinati: ayi, bambo. Ndi dzuwa.
Anatukula nkhope, nalitukwana m'Chiaimara,
mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo,
kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

Kuseri kwa chitseko kuli katoni ya matailosi otsala,
asanu ndi awiri, sanaonepo kunja.
Ndinatulutsa imodzi kuti ndikatseke pomwe panasweka, pafupi ndi mpopi.
Inakana kukhala.
Inkakuwa pakati pa anzake otuwa
ngati mlendo wobwera pamaliro atavala zaukwati.

Ndiye ndaikweza padenga,
pambali pa mbatatesi zimene a Benigna ayanika kuti chisanu chizifinye.
Ikhale pomwepo, iphunzire.
Mwina zaka khumi. Mwina kuposa.
Mgolo watsopano afika nawo Lachisanu,
ndipo mpaka tsikulo
ndavundikira beseni pa buluu uja,
ndasanjikapo njerwa ziwiri.
Masana, dzuwa likafika paliwombo,
ndimalimva likuzungulira besenilo.