Jombo ya Veikko

Alendo afika ndi makope awo
pa sukulu ya mkaka ya ku Tampere,
m'mawa womwe dzuwa lakana kudzuka.
Wa ku Peru, wa ku Korea, wina wa ku Ireland,
aliyense watumidwa ndi unduna wa kwawo
kudzaona chinsinsi.

Panja makanda agona m'tingolo tawo,
chipale chofewa chikugwera pa zofunda.
Wa ku Peru wagwira pakamwa.

Mafunso akugwa ngati matalala:
Boma limaikapo zingati pa mwana mmodzi?
Mlezi mmodzi, ana angati?
"Kwathu," akutero wa ku Korea,
"wa zaka zinayi amakhala atadziwa kale kuwonkhetsa."

Mayi Aila Rautio sakuyankha msanga.
Agwada pakhomo, manja kumbuyo,
maso ali pa Veikko, wa zaka zitatu,
amene akulimbana ndi jombo ya kumanzere.
Waivala kumanja. Waivula.
Wasuzumiramo ngati muli munthu.
Mamina akutsika, lilime lili panja.

Wa ku Ireland watambasula dzanja kuti athandize.
Mayi Aila apukusa mutu, pang'ono chabe.

Mphindi zisanu ndi ziwiri.
Khofi wa alendo wazizira.
Kenako chidendene lowu!
Veikko sanayang'ane munthu, watuluka,
chitseko wachisiya pululu.

Alendo abwerera ku mafomu awo.
Pali polemba ndalama, polemba zaka,
polemba kukula kwa chipinda.
Wa ku Korea akuzunguza cholembera m'malere,
kusaka danga loti alembemo
mphindi zisanu ndi ziwiri zija.