Kuthenera ku Nchalo

Maluwa a pa mpanda anayoyoka sabata yatha.
Patsala masamba okha, obiriwira mwamakani
ngakhale dzuwa la ku Nchalo likuwotcha ndi miyala yomwe.

Ndanolera sizasi pa sitepe ya khonde.
Mayi Nyakhuwa asuzumira pa zenera:
"Zuze, usaumete mpala ngati chaka chatha."
Ndavomera. Koma sadziwa
kuti nthambi yosiyidwa chifukwa cha chisoni
ndi imene imadzaphimba zinzake.

Khwapu! Yopingasa iyi ichoke.
Iyi yagwidwa nsabwe zoyera.
Iyi ndiileka, pali chisa cha pumbwa,
timazira tiwiri, tofunda.

Phulusa la nzimbe zowotchedwa likutera pa thukuta,
utomoni wamata zala.
Ndakumbuka madzi atatidulira mudzi ku Makhanga
usiku, osasankha,
osafunsa kuti chisa chili pati.
Ine ndimadula pamwamba pa mfundo,
pomwe diso lagona.

Pofika madzulo mpanda wachita manyazi
ngati mwana wometedwa pa maliro.
Mbuzi za kuseri kwa waya zikulimbirana zodulazo.

Mvula ikadzagunda cha ku mapiri a Thyolo uko,
mayi, mudzandifunsenso.