Mpata Wopumira

Fatsani wabwera nayo ataikulunga m'bulangete,
kompyuta yogula pa kaunjika wa ku Bree.
Akuti: Akulu, tathamangitsaniko ichi,
chikuyenda ngati takisi ya Lamulungu yosaka anthu.

Ndaitsegula mimba pa tebulo langa kuno ku Mayfair,
pakati pa golosale ya Msomali ndi saluni ya mayi wa ku Kongo.
Purosesa yake ndi kachibenthu konga sitampa,
yotchipa, yopanda mbiri,
mtundu umene a ku Sandton saucheukira.

Ndisanaipemphe liwiro, ndayamba ndaisambitsa.
Fumbi lachikasu la m'zitunda za migodi
linali litaluka ubweya m'zipsepse za chitsulo.
Phala lakale linauma gwa, ming'alu yokhayokha.
Ndapala, ndadontheza latsopano,
kadontho konga njere ya mphodza, basi,
ndamangapo fani ya marandi makumi asanu ndi atatu.

Kenaka manambala.
Sitepe imodzi, ndiyese. Ina, ndiyesenso.
Fatsani akugogoda tebulo ndi makiyi:
Bwanji osangolumphira kumapeto?
Iwe, mchere sathira ndi chikho.
Mavoliti ndiwo mchere wa chinthu ichi,
umatsina ndi nsonga za zala,
ndipo ngati ndiwo zakoma kale, usautole n'komwe.

Pa sitepe yachisanu ndi chiwiri sikirini yachita buluu.
Apo yalankhula.
Zopanda pakamwa zimakana chomwecho.
Ndabwerera masitepe awiri, osati imodzi,
chifukwa uno ndi Juni, ndipo chisanu cha Joni chimanamiza.
Chimene chikuzizira bwino lero, ine ndili m'jekete,
chidzakumana ndi Disembala
m'kachipinda kako ka malata ku Rosettenville,
kamene zenera lake linakhomedwa ndi misomali.

Ndaisenzetsa katundu usiku wonse
kuti ndione ngati ipunthwa.
Madigiri makumi asanu ndi awiri, kuwonjezerapo anayi,
nambala ikukwera, kutsika, ngati chifuwa cha wogona.
Cha m'ma thuu magetsi azima.
Ndakhala mu mdima ndi tiyi wozizira kale,
kudikira kuti ndiyambirenso,
ndipo achimwene anga a Nedisoni andilowa m'mutu.

Usiku ankaphika buledi ku Fordsburg,
masana geti ku Randburg, yunifolomu yobwereka.
Bwana ankangoonjezera ola, kenaka lina,
poona kuti munthuyo sakugwa.
Palibe amene ankawerenga kutentha kwawo.
Nafenso kumudzi tinkangolandira pa foni, n'kuthokoza.
Sanagwe tsiku limodzi ayi.
Kutentha sikupha lero,
kumadya cham'kati ngati chiswe m'phaso,
denga likuoneka lilipo ndithu.
Pano ali ku Balaka, zaka makumi anayi ndi chimodzi,
kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri
koma imatayikabe.

Magetsi abwera tambala wa aneba Achimozambiki asanalire.
Ndadina batani. Yadzuka, osadandaula.
Ndaisiya mpaka dzuwa litaomba pa shefu ya mawaya.

Fatsani wafika akupuma utsi wa chisanu.
Wayesa masewera ake aja, wamwetulira theka.
Koma akulu, yatsala ndi mphamvu ina, eti?
Ee, yatsala.
Imeneyo si yako, si yanganso.
Ndi yakeyake, yoti idzaone nayo chaka cha mawa.

Ndamuuza: usaigoneke pa kapeti,
usaikanikize kukhoma, isiyire chikhato cha mpata.
Miyezi itatu ikatha, uzira fumbi.
Fani ikayamba kulira ngati chigayo, bwera nayo.

Walipira, watsala ndi ngongole ya marandi makumi awiri.
Waikulunganso m'bulangete muja,
wainyamula ngati khanda lochokera ku sikelo.
Ndamukuwira ali kale pa loboti:
Ukafika uivule kaye bulangetelo!
Sindikudziwa ngati wamva. Matakisi anali akuimba mahutala.