Kunja Kwake N'kuno

Amayi anauza mpingo wonse ku Namadzi
kuti mwana wawo wapita kunja kukaphunzira.
Wina atafunsa ngati ndinakwera ndege,
iwo anangokonza duku, osayankha.
Chonsecho ndinabwera pa maminibasi awiri
ndi takisi yothithikana anthu asanu ndi awiri,
nkhuku ya munthu wina ili pamiyendo panga.

Lolemba mpaka Lachisanu ndine wa mtedza.
Ku Msekera timagwada m'mizere
kuwerenga timawanga ta pamasamba,
ine ndi Tikambenji wa ku Petauke,
amene amafa nalo phwete ndikapempha madzi.
"Ni manzi, iwe!"
Akuti chilankhulo changa n'chovala tayi,
cha pa wailesi, cha abusa pa maliro.
Ndimamusiya. Sopo wanga ndiye amamukonda.

Kwacha ya kuno ndi ya kwathu dzina n'limodzi,
koma ya kuno inadya bwino ili mwana.
Ku Kapata ndimaima pa mulu wa tomato
milomo ikuchulukitsa chamumtima,
mpaka mayi wogulitsa anandifunsa tsiku lina,
"Mugula, olo mupemphela?"
Ndinagula.
Anandiikira ziwiri za basera, chimodzi chowola.

Loweruka ndiye lathu.
Tinasonkherana anthu anayi wa ku Mfuwe,
mazira owiritsa m'jumbo, mchere m'kapepala.
Ndalama zinatithera tisanafike pa geti.
Azungu ankadutsa pa magalimoto opanda denga,
zipewa zawo zofanana ngati bowa,
ife tili chilili cha kuno kwa Luangwa.
Koma mvuu sidziwa amene walipira:
inatiyasamulira kwaulere, kawiri.
Zondiwe anajambula ndowe za njovu zikufuka
n'kutumizira bwenzi lake ku Lundazi.

Sabata ina, wa ku Sinda kwa azakhali a Tikambenji,
basi inatifera titangopitirira Mtenguleni.
Kondakitala analowa pansi pake ndi waya ndi mwala.
Tinatafuna nzimbe maola atatu,
makoko akuunjikana ngati tikumanga chulu.
Tinafika kutada.
Azakhali anandipatsa munkhoyo m'kapu yachitsulo,
ndinati, "Thobwa lokoma,"
nyumba yonse inagwa ndi kuseka,
ndi mwana yemwe, wosadziwa chikusekedwa.

Masabata ena sitipita kulikonse.
Timachapa, kuyanika pa waya wa kuseri kwa hositelo,
n'kumaonerera njinga zikutsika ku Kanjala,
iyi makala, iyo mbuzi, inayo mayi ndi matiresi.
Magetsi akazima timakangana za mpira.

Dzulo ndinapita ndekha ku Mwami.
Sindinauze munthu.
Osintha ndalama anandizinga ndi mipukutu yawo,
ndinawauza kuti sindiwoloka.
Ndinangoima pafupi ndi malole a feteleza
mpaka foni inanjenjemera m'thumba,
yagwira netiweki ya kwathu.
Mauthenga a miyezi iwiri anagwa ngati matalala:
ngongole ya mayunitsi,
ukwati wa Alinafe umene unapita kale,
mbuzi yathu yaswa atatu.
Mapiri a Mchinji anali pompo,
oti munthu n'kuwaponyera mwala.

Ndinaimba.
"Kunjako kuli bwanji, mwanawe? Kukuzizira?"
Ndinayang'ana fumbi pa nsapato zanga,
lofiira ngati la pabwalo pathu,
ndi mnyamata wogulitsa mbewa zapani
amene sindikanadziwa kuti ngwa mbali iti.
Ndinati kuli bwino amayi,
kungoti kwatentha, ndipo manzi akuvuta.

"Chiyani chikuvuta?"

Ndinakhala chete.
Lole ina inaliza hutala, chipata chinatseguka,
mayunitsi anatha.
Pobwerera ndinagulira Tikambenji chinangwa chootcha,
ndipo woyendetsa takisi atafunsa kolowera
ndinamva pakamwa panga pakuti,
"Niyenda ku nyumba."