Chipale Sichilandira Samani

Kukhoti la ku Oulu tinafika atatu:
ine Raimo, woyendetsa lole ya mkaka,
Mayi Sirkka ndi ndodo zawo ziwiri,
ndi loya wa inshuwalansi wa tayi yofiira.
Wachinayi sanabwere,
uja anachezera kusalaza msewu
mpaka kuwala ngati galasi.

Ndinati, Bwana, kunagwa chipale.
Woweruza sanadzutse n'komwe mutu.
Kuno chimagwa chaka ndi chaka, anatero,
iwe chinakudzidzimutsa?
Matayala unasintha liti?
Unkathamanga bwanji?

Sikisite basi, pomwe chikwangwani chimati eyite.

Chikwangwani chinalola, anatero,
koma msewu tsiku limenelo unalola?

Buleki ndinaponda, ndikulumbira.
Lole inangoti tereree, cham'mbali,
osamva dzanja, osamva pemphero.
Mkaka unatayika pachipale,
woyera pa choyera, sunaoneke.
Anaoneka ndi magazi okha.

Mlandu wonse anandisenzetsa ndekha.

Potuluka tinam'peza mnzanga wopalamula naye
atadzigonera pamasitepe a khoti lomwelo,
akunyezimira, wopanda ngongole.
Mayi Sirkka anaima, kuopa kutsika.
Ndinawapatsa mkono.
Anauyang'ana nthawi yaitali
asanaugwire.