Funso Lachinayi

Ndinatsika basi ya usiku pa Kapata,
chikwama cha zovala chopepuka,
cha mabuku chikundipinda phewa.
Amayi anaimba nthungululu ngati ndabwera ndi digiri.
Sindinawauze
kuti ndinaperewera malikisi atatu,
atatu okha,
ndipo pa teni ndibwerera kukalembanso.

Ku yunivesite tinali mazana atatu m'holo imodzi,
atsikana khumi ndi anayi,
Dokotala Miti kadontho patsogolo,
maikolofoni itafa kalekale.
Ife akumbuyo tinkakopera kwa wina
amene anakopera kwa wina
amene naye sanamve bwino.
Tinkagona anayi pa mabedi awiri,
Zelipa akubwebweta mafomula m'tulo,
ine ndikukazinga soya pakati pa usiku,
dzanja lina pa kakyuleta yofufutika manambala.

Kuno ku Mchini dzina langa linatayika.
Injiniya, wailesi yanga yasiya kulankhula.
Injiniya, foni ikukana moto.
Injiniya, nanga magetsi abwera liti?
Ndimangoseka.
Ine ndimawerengera katundu amene chitsulo chingasenze
chisanapindike.
Kapena ndinkayesa kuti ndimawerengera.

Masana ndimakhala pa shedi ya atate,
pomwe amawotcherera njinga za akabaza.
Iwo sukulu anailekera giredi faifi.
Amagogoda felemu ndi sipanala, kutchera khutu,
n'kunena, ichi chatopa.
M'buku langa kutopa kwa zitsulo
ndi masamba makumi anayi
ndi zithunzi zimene zinandiliza mu Juni.

Lachitatu kunabwera Lekani, thukuta kamukamu,
wakwera chitunda kuchokera ku Lunkhwakwa
ndi matumba awiri a chimanga
ndi mwini chimangayo atakhala pamwamba.
Ali kumwa maheu ndinatenga tepi,
ndinayeza keliyala yake, utali, kunenepa kwa paipi,
ndinalemba pa pepala la simenti.
Yankho linati keliyala iyi inathyoka chaka chatha.
Ndinabwereza. Inathyokabe.
Kachitatu, pang'onopang'ono, ngati wowerenga ndalama za eni.
Koma iyo ili apo, dzimbiri lokhalokha,
yowongoka ngati msilikali.

Atate sanayang'ane pepala.
Anagadabuza njinga, mawilo kumwamba,
anachotsa kachiguduli kotseka kukamwa kwa paipi.
Suzumira.
Mkati, mumdima, munali kamtanda ka chitsulo chomangira nyumba,
anakalowetsa okha dzinja lapitalo.
Wayeza kunja kokha, Tionenji.

Ndinakhala pansi pa tayala.
Funso lachinayi linabwera lonse m'maso mwanga,
chithunzi chija, kamzere kodukaduka pakati
kamene ndinakayesa chokongoletsa.

Atate, ndinalephera pepala limodzi.

Anapitiriza kumanga nati.
Ndinadziwa uli pa geti.
Wopambana sabwera ku holide ndi mabuku olemera chotere.
Anapukuta manja pa ovolosi,
girisi sinachoke, sichokanso.
Amako usawauze msanga,
chitenje cha tsiku lovala gauni anagula kale,
chili pansi pa sutikesi.
Kenaka anandipatsa magalasi akuda aja.
Gwira apa. Usayang'ane moto, yang'ana pomwe zikulumikizana.

Ndinawotcherera mokhota.
Anagumula ndi hamala, osanena kanthu,
anandipatsanso ndodo ina.

Usiku uno magetsi kulibe.
Phiri la Kanjala lasungunuka mumdima,
agalu a kwa a Daka akukangana ndi mwezi.
Zelipa watumiza uthenga, naye akubwereza, wake ndi masamu.
Ndayatsa tochi ya foni, yatsala ndi mizere iwiri,
chala chopserera chikufuka pa pensulo.
Amayi kuseri kwa katani akufunsa,
injiniya sagona kodi?
Ndigona, amayi.
Ndatsegula pa funso lachinayi,
ndayamba ndi kamzere kodukaduka.