Mapepala Makumi Atatu ndi Limodzi

Magetsi athima pa Ngabu.
Ndatulutsa tebulo pansi pa mtengo wa nimu,
mapepala ndawapsinja ndi mwala
kuti mphepo yotentha ya Okutobala isawamwaze.
Funso ndinafunsa ndine:
fotokozani mmene madzi osefukira amasokonezera sukulu kwanu.

Kwanu, ndinatero. Kwanu.

Loyamba likutsetsereka bwino,
Chingerezi chosita, chopanda khwinya,
cholembera changa chofiira chasowa poluma.
Lachiwiri chimodzimodzi.
Pofika lachisanu ndi chinayi
ndayamba kumaliza ziganizo ndisanaziwerenge:
m'dziko lomwe likusintha mofulumirali,
nkofunika kuzindikira kuti,
nkhaniyi ili ndi mbali zambiri,
pomaliza, onse okhudzidwa agwirane manja.

Fulukiya, iwenso?
Iwe wa ku Makhanga
amene unagona masiku awiri mumtengo,
mwana kumsana, kaundula wa kalasi pamutu,
ukuona mbuzi zikudutsa miyendo ili m'mwamba,
lero ukundiuza kuti madzi
"amabweretsa zovuta zosiyanasiyana."
Mbuzi zija wazisiya kuti?

Zuze amalota m'Chisena,
amatsutsa mtengo wa thonje m'Chimang'anja,
m'kalasi amachita chibwibwi akafika pa mneni.
Pano walemba ngati nduna yopuma.
Watchula akatswiri asanu ndi awiri.
Ndafufuza atatu. Kulibe.
Sanabadwe, sanamwalire,
angokhala m'munsi mwa tsamba
ngati maina a pamanda opanda mitembo.

Sindikuti ana anga ndi akuba.
Bando ya tsiku limodzi
ndiyotchipa kuposa manyazi a zaka khumi ndi ziwiri
zomwe tinawakwapula chifukwa cholankhula chakwawo.
Makina sakuseka, sakalipa, satopa.
Amakuveka jekete yokukwana bwino
imene avekanso anthu chikwi mmawa womwewo.

Pepala la makumi awiri ndi atatu ndi lolemba pamanja.
Alufandika Thole. Foni yake inagwera mu Shire pa Mtayamoyo.
Zilembo zikupendama ngati mapira ofoka,
aneni akuwombana, mipumiro kulibe.
Akuti madzi anabwera usiku ngati mwini ngongole.
Akuti choko chinasanduka phala m'kabati.
Akuti mabuku atauma anatupa, nakana kutsekeka,
ndipo kwa sabata zitatu ana ankadya nyika
nabwera m'kalasi milomo ili bii,
iye nkumawaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya.
Pakati pa chiganizo wasiya mawu amodzi a Chisena,
wawazinga ndi mzere,
walemba pambali: pepani, Chingerezi chake sindikuchidziwa.

Ndawerenga kawiri.
Thukuta ladontha, lasungunula dzina lake pang'ono.

Ndondomeko yochongera ikuti:
kalembedwe, malikisi khumi; maumboni, khumi; chilankhulo, makumi awiri.
Ndikaitsata, Alufandika walephera.
Ndikaitsata, akatswiri osabadwa aja akhoza.

Ndipo ine ndine yani?
Mwezi watha nkhani yanga ya kafukufuku inabwezedwa
ndi mawu aulemu: chilankhulo chikonzedwe.
Usiku, chitseko chotseka, ndinaipereka kwa makina.
Inabwera yonona, yoyenda mwadama.
Anailandira.
Nditaiwerenga ndinamva ngati ndakumana ndi mwana wanga
atabwera kuchokera kutali,
wonenepa, waulemu,
akundipatsa moni ngati mlendo.

Ng'ombe zikubwerera, fumbi lakwera kumsika.
Cholembera chili m'mwamba, sichikutera.

Kenaka babu la pakhonde laphethira.
Kwa aneba wailesi yadzuka pakati pa nyimbo.
Foni yanga patebulo yayaka yokha,
kabokosi koyera kakudikira,
kakufunsa mwaulemu chomwe kangandithandize lero.

Ndaitembenuza chafufumimba.
M'mphepete mwa pepala la Alufandika,
pafupi ndi mawu ozingidwa aja,
ndalemba ndi dzanja langa lonjenjemera:
usawafute.
Lolemba ubwere, udzandiuze tanthauzo lake.

Atsala mapepala asanu ndi atatu.
Ndikudziwa kale mmene ayambira.